Kunyanyala Kwanga Kwachinayi

Ine ndine munthu wonyanyala, ndipo amuna anga akhoza kuchitira umboni ngakhale pamaso pa woweruza. Koma musandiyese wachibwana. Kwathu munthu akanyanyala sindiye kuti wachoka, amakhala akunena zimene pakamwa palephera kunena. Mkazi amamanga tizovala pachitenje n'kulunjika kwa mayi ake, koma ziwiya zake zonse wazisiya m'malo mwake, chifukwa iye akudziwa, mwamuna akudziwa, mudzi wonse ukudziwa kuti pasanathe masiku atatu ankhoswe akhala pansi, nkhani ikambidwa, ndipo mwini nyumba abwerera. Luso limeneli ndinakwera nalo ndege. Linandigwirira ntchito katatu mumzinda wa London, kachinayi linandichotsa ntchito.

Kuno ndinabwera ngati namwino. Amene anatilandira ife obwera mochedwa anali akuluakulu amene anathawa kwathu nthawi ya chipani chimodzi. Iwo anali atakhazikika kalekale, ana awo akulankhula Chingerezi cha m'mphuno, ndipo anali ndi kagulu kawo kothandizana. Ankatiwerengera makalata a boma, kutisonyeza pokwerera basi, ndi kutiuza mosabisa kuti jekete limene tinagula ku Limbe lija si jekete. Anamwino ndi osamalira okalamba titachuluka, kagulu kaja kanalembetsedwa kukhala bungwe, kanapeza chipinda ku Woolwich pamwamba pa shopu yometa tsitsi, ndipo panafunika munthu woti azikhalamo tsiku ndi tsiku. Anasankha ine. Wapampando wawo anati, “Uyu ali ndi pakamwa, azungu sangamuopseze.” Ndinavula yunifomu ndikunyada.

Wapampandoyo tonse tinkangowatchula kuti Atcheya. Anali bambo aatali, owonda, amene ankaphunzitsa masamu kusekondale asanathawe, kuno n'kudzakalambira pantchito yosankha makalata. Ankakhala okha ku Peckham, mayi a kunyumba atatsogola kale. Sindinawaonepo opanda tayi ndi chipewa, ngakhale tsiku lokolopa ofesi. Chichewa chawo chinali chomwe chija anachoka nacho, chosasakaniza, moti ukanena kuti “ndili bize” ankakufunsa mwaulemu ngati mawu oti kutanganidwa anamwalira iwo atachoka.

Kachipinda kaja ndimakakumbukabe. Pansi pankamveka makina ometera ndi nyimbo za ku Congo kuyambira m'mawa, fungo la mafuta a tsitsi likukwera masitepe pamodzi ndi alendo. Zenera linkayang'ana kumsika, kumene wogulitsa zipatso wina ankakuwa tsiku lonse mawu amene mpaka pano sindinawamvetse. Tinali ndi sofa imodzi yotola pamsewu. Amayi ochokera ku shifiti ankati abwera kudzafunsa za fomu, koma ukangotembenuka kuti utereke ketulo unkapeza munthu akuliza mkonono, nsapato zili kuphazi. Ndinkamufunditsa jekete langa n'kudzaza fomuyo ndekha. Kunkabwera Amalawi, kunkabwera a ku Zambia ndi Chinyanja chawo cha m'tauni, kenako mbiri itawanda kunayamba kubwera aliyense wakhungu lakuda amene wamva kuti pamwamba pa ometa tsitsi pali mayi amene sabweza munthu. Pachitseko panalembedwa kuti ndine mkulu wa bungwe, koma kalaliki ndinali ine, womasulira ine, wosesa ine, nkhoswe ya maukwati ogwedezeka inenso. Ndinkaikonda ntchito imeneyo kuposa mmene munthu ayenera kukondera ntchito.

Misonkhano ya komiti inkachitikira momwemo, Loweruka masana, ena atakhala pasofa ena pamabokosi a mapepala. Tinkayamba ndi nyimbo ndi pemphero, kenako akuluakulu aja ankatsutsana za ndale za kumudzi kwa maola awiri, aliyense akukumbutsa mnzake zimene ananena ine ndisanabadwe. Nkhani za bungwe zinkakambidwa kumapeto, anthu akuvala majekete. Nthawi imeneyo zinkandikwiyitsa. Lero ndikhoza kupereka chilichonse kuti ndimvenso phokoso limenelo.

Kulemera kwa ntchitoyo kunali kwakuti ndinkayenera kukhala anthu awiri. Tsiku lokumana ndi opereka thandizo ndinkavala suti n'kukwera sitima ya DLR kupita m'katikati mwa mzinda, lipoti lili m'chikwama. Kumeneko kawirikawiri wakuda ndinkakhala ndekha patebulo. Tsiku lina mtsikana wolandira alendo, nditamuuza dzina la bungwe lathu, anandimwetulira bwinobwino n'kundifunsa kuti abwana anga afika nthawi yanji. Ndinamuyankha kuti afika kale, ndipo akumva ludzu. Ankandiitana kuti ndikawafotokozere za tsankho, n'kundiombera m'manja, ena akupukuta misozi, koma sabata yotsatira ankanditumizira mafunso otifufuza ngati tinagwidwapo tikuba nkhuku. Ndikabwerera kwa anthu anga, suti ija inkasanduka mlandu. “Ayamba kudya ndi azungu amenewa,” ankatero kumbali. Komabe omwewo ankandipeza kumapemphero ndisanatsinzine n'komwe, kapena pashopu ya nsomba ku Peckham, n'kusolola pepala m'chikwama: “Amayi, tangoionani iyi, ndi ya landilodi.” Kwa azungu sindinkayenera kuoneka wofooka, chifukwa akanati mabungwe a anthu akuda ndi choncho. Kwa anthu anga sindinkayenera kutopa, chifukwa akanati ndayamba matama. Ndiye mawu oti ndatopa ndinalibe powanenera.

Kunyanyala koyamba kunabwera m'chaka chachitatu. Ndinapempha akomiti kuti pakhale tsiku limodzi pasabata loti ofesi izikhala yotseka, ndipo mayi wina wa m'komitimo anaseka n'kunena kuti, “Ntchito yokhala pampandonso n'kutopa nayo? Anzanu akunyamula nkhalamba tsiku lonse.” Ndinalemba kalata pamanja yoti ndasiya ntchito, ndinaiika patebulo, makiyi pamwamba pake, n'kukwera sitima kupita kunyumba ku Barking.

Lamulungu masana kunamveka kugogoda. Atcheya ndi amayi awiri a m'komiti, kuphatikizapo woseka uja, anali atakwera masitepe onse mpaka pafulati yathu ya pamwamba. Anakhala pansi. Tinapatsana moni mmodzimmodzi, wa ana, wa amuna anga, wa kumudzi. Tinakamba za kuzizira, za mvula imene akuti yachedwa kwathu, tiyi anamwedwa. Patapita ola lathunthu ndi pamene Atcheya anaika chipewa pabondo n'kukonza pakhosi.

“Mayi, kalata yanu taiona, koma sitinaiwerenge. Tabwera kuti mutiuze ndi pakamwa.”

Ndinawauza. Ndinayamba mwaulemu, kenako zonse zinakhuthuka: za mtsikana wolandira alendo, za miseche, za ana anga amene ankadya okha ine ndili pafoni ndi mavuto a ana a eni. Ndinalira mpaka mamina. Palibe anandidula mawu. Nditamaliza, mayi woseka uja anatsika pampando n'kugwada pakapeti, nati, “Talakwa, achemwali, tikhululukireni.” Atcheya anatulutsa kalata ija m'thumba la jekete, isanatsegulidwe, n'kundipatsa ndi manja awiri pamodzi ndi makiyi. Anagamula kuti Lachisanu lililonse ofesi izikhala yotseka.

Lachisanu lopuma lija linangokhala miyezi iwiri. Munthu akakuimbira ali pamsewu, mwana kumbuyo, atamutulutsa m'nyumba, ungamuuze kuti lero ndi Lachisanu? Patapita zaka ndinanyanyalanso. Anabwera, ndipo ndinapatsidwa anthu odzipereka oti azindithandiza, amene anazimiririka mmodzimmodzi chifukwa aliyense anali ndi mashifiti ake. Kachitatu anandipatsa foni yantchito yoti ndiziizimitsa ndikaweruka, koma nambala yanga yakale inali kale m'thumba la aliyense, ndiye ndinangosanduka mayi wa mafoni awiri. Sindikudandaula. Kunena zoona, masiku a Lamulungu atatu amenewo ndi ena mwa masiku okoma kwambiri amene ndakhala nawo m'dziko lino. Ndi masiku okhawo pamene anthu anakwera masitepe kubwera kwa ine opanda kalata ya landilodi m'chikwama, n'kundifunsa chimene chikundipweteka, n'kudikira yankho. Lolemba ndinkabwerera kuntchito ndili wopepuka ngati ndachokera kutchuthi.

Bungwe linakula. Tinachoka pamwamba pa ometa tsitsi n'kulowa m'nyumba ya maofesi yokhala ndi chikepe, yaukhondo, yopanda fungo lililonse. Opereka thandizo anati komiti yathu ikufunika akatswiri, ndipo dzina lake linasintha kukhala bodi. Nawonso akuluakulu aja anali akutha. Wina anabwerera kumudzi kuti akafere kwawo, wina tinamuika konkuno, mayi woseka uja anasamukira kwa mwana wake kumpoto. M'malo mwawo munalowa loya, katswiri wa nkhani za antchito, ndi ena odziwa mapepala. Atcheya anatula pansi udindo n'kutsala membala wamba, ngakhale dzina la Atcheya silinawachoke. Pampando panakhala mayi wachizungu wopuma ntchito kukhonsolo.

Mayi ameneyu sindingamunenere zoipa. Anali munthu wabwino, ndipo m'misonkhano ina ankandiikira kumbuyo mpaka nkhope kufiira. Ndi iye anabweretsa nkhani yosamalira thanzi la atsogoleri. Mwezi uliwonse ankandikhazika pansi n'kundifunsa kuti, kuyambira wani mpaka teni, ndikudzimva bwanji. Ine ndinkati eyiti. Munthu wamkulu ungayankhe kuti thuu pamaso pa mlendo? Ananditumiza kumaphunziro a kapumidwe ka mpweya, kumene atsogoleri a mabungwe tinagona chagada pansi, maso ali otseka, mtsikana wina akutilangiza mmene tingakokere mpweya. Nditabwerako ndinamuuza kuti ndakhala ndikupuma mpweya chibadwire popanda satifiketi, chimene ndikufuna ine ndi wachiwiri wanga. Anaseka, analemba m'kabuku kake, nati nkhaniyo aikambirana.

Mliri uja umene unatseka dziko lonse utadutsa, ntchito inachita kusefukira. Kunabwera anthu ambiri odzasamalira okalamba, ena atanamizidwa ndi owalonjeza ntchito zimene kunalibe, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapeza mzere pakhomo ndisanatsegule. Dokotala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, nandipatsa mapilitsi amene ndinkamwa ndikakumbukira, ine namwino wathunthu amene ndakalipira odwala osawerengeka pankhani yomweyo. Pamsonkhano wa bodi ndinapemphanso za wachiwiri wanga. Anamvetsera mwachifundo, nagwirizana zokhazikitsa kakomiti koti kaunike nkhaniyo n'kudzapereka maganizo ake chaka chamawa. Atcheya anali pakona, chipewa pabondo.

M'mawa mwake, Lachitatu, ndinalemba imelo ya mizere itatu kwa mayi wapampando, n'kutumizanso kwa mamembala onse. Ndinati ndasiya ntchito, ndipo ndigwira miyezi itatu ya notisi monga mwa lamulo. Ndinadina batani mtima uli m'malo, ndikuganiza kale za mabisiketi oti ndigule Loweruka.

Yankho linafika ndisanamalize nkhomaliro. Linali lokoma kwambiri. Mayi uja anati walandira kalata yanga ndi chisoni chachikulu, koma akulemekeza chisankho changa chifukwa thanzi langa ndiye loyamba, ndipo akundiyamikira chifukwa cholimba mtima. Ndinaliwerenga kanayi kufunafuna mawu oti “koma tikambirane.” Munalibe.

Nditafika kunyumba ndinawasonyeza amuna anga, amene amayendetsa basi ndipo saopa munthu aliyense kupatula ine. Anawerenga, anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira khoma.

“Koma akazi anga inu, mwanyanyalira mzungu? Pa imelo?”

“Musandiseke. Atcheya akadali m'bodi. Abwera Lamulungu.”

Lamulungu ndinakolopa m'nyumba, ndinasita nsalu ya patebulo, ndinatsuka makapu a alendo. Tinadikira mpaka dzuwa kulowa. Mabisiketi anadya amuna anga. Lamulungu lotsatira zinali chimodzimodzi. Kumapemphero a Amalawi, Atcheya ankandivulira chipewa, kundifunsa za ana, n'kupitirira ngati palibe chachitika.

Kuofesi mbiri inali itafika kwa anthu othandizidwa. Mayi wina wa ku Zambia anaima pakhomo manja ali m'chiuno, nati, “Amai, namvela ati muchoka? Manje ise tizachita bwanji?” Zinandikoma m'khutu, koma sizinali zimene ndinkadikira. Wonyanyala sabwezedwa ndi kulira kwa ana, amabwezedwa ndi eni nkhani. Amuna anga anasiya kuseka. “Tangolembani mzere umodzi kuti mwasintha maganizo,” anatero. “Mayi uja avomera, amakukondani.” Mwana wathu wamkazi, amene anakulira kuno ndipo Chichewa amamva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi, anandifunsa kuti bwanji osangowauza anthuwo chimene ndikufuna. Mwanayo sankadziwa, koma bambo ake ankadziwa bwino lomwe kuti wonyanyala sabwerera yekha. Ukabwerera wekha ndiye kuti unalibe dandaulo, unangofuna kuvutitsa anthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ukalankhula palibenso amatchera khutu.

Mwezi wachiwiri uli mkati ndinaona ntchito yanga italengezedwa pa intaneti. Sinali imodzi. Ankafuna mkulu wa bungwe ndi wachiwiri wake. Chimene ndinapempha zaka zonsezi, chimene ankati chidikire kakomiti ndi chaka chamawa, chinatheka m'masabata ochepa nditangoti ndikuchoka. Ndinatseka chitseko cha ofesi n'kutukwana m'Chichewa chimene Atcheya sakanachivomereza. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Ndinali nditadutsa zaka makumi asanu, yunifomu ndinaivula kalekale, ndipo sindinkadziwa kuti ndidzakhala ndani ndikadzadzuka m'mawa popanda mzere wondidikira. Tsiku lomaliza kulandira makalata ofunsira ntchito linali Lachisanu lina lake, ndipo ndinkadziwa kuti limenelo likadutsa, ndiye kuti zanga zatha.

Lamulungu lomaliza lisanafike Lachisanu limenelo, masana, kunamveka kugogoda.

Anali Atcheya, okha, ndodo kumanja, akupuma movutikira chifukwa cha masitepe. Mtima wanga unadumpha ngati wa mtsikana. Ndinawakhazika pampando wabwino, ndinatereka ketulo, amuna anga anathamangira kushopu. Tinapatsana moni wonse bwinobwino. Ine ndinali nditakonza kale zonena: ndikana kawiri, kachitatu ndivomera, koma wachiwiri uja akhalepo ndithu.

Anamwa tiyi theka n'kuika kapu pansi.

“Mayi, ulendo uno kalata yanu ndinaiwerenga.”

Kenako anapitiriza.

“Mayi wapampando uja asanakuyankheni anandiimbira foni. Anali atabalalika. Anati, kodi akunena zoona? Ndimuyankhe chiyani? Iye ankafuna kuikana kalatayo. Ndine ndinamuuza kuti aivomere.”

“Inuyo, Atcheya?”

“Ineyo.”

“Mukudziwa bwino lomwe chimene kalata ija inkatanthauza!”

“Ndikudziwa. Munanyanyala. Ndani angadziwe kuposa ine?” Anazunguliza chipewa chawo m'manja. “Kutatsala sabata kuti tichite msonkhano uja munapemphanso za wachiwiri wanu, ndinakuonani pasiteji ya basi ku Woolwich. Munali mutakhala pabenchi, chikwama pamiyendo. Basi imene mumakwera inadutsa katatu, inu osadzuka. Ndinawoloka msewu n'kukupatsani moni. Munandiyang'ana m'maso, ine amene, n'kundifunsa m'Chingerezi ngati ndili ndi apoyintimenti.”

Zimenezo sindinkazikumbukira, ndipo mpaka lero sindizikumbukira. Ndinayang'ana amuna anga, amene anali atabwerako n'kuima pakhomo la kukhitchini, ndipo iwo anayang'ana pansi. Ndinazindikira kuti nawonso ali ndi zawo zimene anaona osanena.

“Katatu ndakwera masitepe awa kudzakubwezani,” anapitiriza Atcheya. “Katatu konse tinakupepesani ndi mtima wonse, n'kukusenzetsaninso katundu yemweyo. Ine ndinkabwerera kwathu ndikudzitama kuti ndapulumutsa bungwe. Ndikanakubwezani kachinayi, tikanadzakunyamulani m'bokosi, ndipo ine ndikanaima kutsogolo n'kumauza anthu kuti munali mayi wolimbikira ntchito. Ayi, mwana wanga. Ngati mukufuna kubwerera, nenani nokha. Mawa lomwe ndipita nanu kwa mayi uja, ndipo ntchito ndi yanu. Koma kukupemphani, sindikupemphani.”

Ndinapsa mtima kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Ndinawauza kuti andigulitsa. Ndinawauza kuti kukhalitsa kuno kwawasandutsa mzungu, kuti anathawa kwawo n'kuthawanso mwambo womwe. Kwa munthu amene analephera kukaika maliro a mayi ake chifukwa sakanatha kuponda kwawo, amenewo anali mawu oipa, ndipo ndinawasankha dala. Anadzuka pang'onopang'ono, anathokoza chifukwa cha tiyi, ndipo amene anawaperekeza kusiteshoni anali amuna anga. Ine sindinadzuke n'komwe pampando.

Lolemba ndinatsegula kompyuta kuti ndilembe mzere umodzi uja, kaya anthu aseke. Ndinalemba kuti “Ndikufuna kubwerera,” n'kukhala ndikuwayang'ana mawuwo. Kunja kwa chitseko anthu akudikira, mafoni onse awiri akulira. Mawu aja ndinawafufuta. Lachiwiri ndinalembanso n'kufufutanso. Pofika Lachinayi ndinali nditamvetsa chimene chikundigwira dzanja, ndipo sikunali kunyada. Mawuwo anali abodza. Kubwerera sindinkafuna, thupi langa lonse linkakana. Chimene ndinkafuna chinali chakuti anthu akwere masitepe adzandiuze kuti popanda ine sangathe. Zaka zonsezo ndinkangoti ndikamva zimenezo, mutu gwa, ndayambiranso, osadzifunsa ngati ndikufunadi kupitiriza. Zinandichititsa manyazi kuzindikira zimenezi ndili ndi imvi. Lachisanu linadutsa ine ndili phee.

Ananditsanzika bwino, ndi keke ndi khadi lalikulu losainidwa ndi onse. Analemba ntchito azimayi awiri obadwira konkuno, amene amatseka ofesi faifi koloko ikakwana osapepesa munthu. Poyamba ndinkawaona ngati ouma mtima. Bungwe silinagwe, ndipo zimenezo zinandipweteka miyezi ingapo zisanayambe kundisangalatsa. Ine ndinagona tulo ta zaka zambiri, kenako ndinapeza kantchito ka masiku atatu pasabata pakiliniki ina pafupi ndi kwathu. Mapilitsi ndimamwa tsiku lililonse.

Koma ndi Atcheya sindinalankhule nawo kwa chaka ndi miyezi. Kumapemphero ndinkakhala mbali ina. Ndinkadziwa kuti anachita bwino, ndipo chimenecho ndiye chinkandilemeretsa miyendo. Nditamva kuti ana awo awapititsa kunyumba yosamalirako okalamba chifukwa mutu wayamba kusokonekera, ndinadziuza kuti ndipita sabata yamawa, mpaka masabata anakwana asanu ndi limodzi.

Ndinawapeza masana ena atakhala pafupi ndi zenera, bulangete m'miyendo. Wowasamalira anandichenjeza kuti masiku ena sazindikira ngakhale ana awo. Ndinagwada pambali pa mpando wawo n'kuyamba mawu amene ndinawakonza m'sitima.

“Atcheya, ndabwera kudzapepesa. Tsiku lija ndinalankhula zoipa.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako nkhope inawala.

“Mayi! Muli kuno? Nanga kuofesi mwasiyako ndani?” Anandigwira dzanja mwamphamvu. “Bwererani, chonde. Anthu akudikira. Popanda inu sitingathe, mayi, sitingathe ndithu. Ndikukupemphani.”

Mawu amene ndinawadikira miyezi yonse ija anali amenewo, osasowapo ndi limodzi lomwe. Ndiye kuti anali nawo nthawi yonseyo. Anakwera nawo masitepe athu ndi ndodo, anakhala nawo pampando wanga ine ndikuwanyoza, n'kutsika nawo osawatulutsa. Ndinalira, nkhope ndaika pamanja pawo.

“Sindibwerera, Atcheya,” ndinatero. “Munandiletsa ndinu.”

“Ine?” Anadabwa kwambiri. Anayang'ana kuzenera ngati akufunafuna tsikulo, osalipeza. Kenako anandifunsa motsitsa mawu, mwamantha, “Ndiye ndinachita bwino?”

“Munachita bwino, bambo.”